Mahampu pa M2: ana owoloka msewu ndi ambulansi yothamangira ku Kwinzi

Angozo (Bvumbwe)

Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Makolo a m'dera lathu tagwirizana zolembera kalata khonsolo ya boma la Thyolo, kuti nayo ikatule pempho lathu ku Roads Authority, popeza M2 ndi msewu waukulu ndipo eni ake ndi iwowo. Tikupempha kuti atiikire mahampu anayi pamalo amene ana a sukulu ya pulayimale amawolokera m'mawa ndi masana, chifukwa chikwangwani cha liwiro chilipo koma madalaivala ambiri amachidutsa ngati sanachione, makamaka a maminibasi amene amathamangitsana kuti akayambe iwo kunyamula anthu pa siteji yakutsogolo. Pa msonkhano wathu panaimirira bambo wina wogwira ntchito za umoyo amene anatiuza kuti tiyambe taganiza bwino, ati msewu umenewu ndi womwewo umene odwala onse ochokera ku Thekerani, ku Makwasa ndi kuchipatala cha boma amadzera potumizidwa kuchipatala chachikulu cha Kwinzi ku Blantyre, ndipo hampu iliyonse yoonjezera imagwera pamsana pa wodwalayo. Anthu anang'ung'udza, ena mpaka anamuyankha mokalipa, koma ine mawu akewo andikhala kukhosi. Ndikudziwa kuti pa gulu lino pali oyendetsa maambulansi, anamwino ndi amene anagwirapo ntchito za misewu, choncho ndikupempha kuti mutithandize nzeru kalatayo isanalembedwe.

Bambo a Limbani

Zikomo Angozo pobweretsa nkhaniyi poyera m'malo moiweruzira pa msonkhano. Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa ambulansi, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti sindidana ndi mahampu, chifukwa ana amene mukuwanenawo akagundidwa wowanyamula ndine ndemwe.

Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi mmene galimoto zathu zinapangidwira. Maambulansi ochuluka m'zipatala za m'maboma ndi a mtundu wa Land Cruiser, ndipo anasankhidwa dala kuti azitha kukwera mitunda ya ku Thekerani m'nyengo ya matope. Kumbuyo kwake kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, olimba, opangidwira kusenza katundu, ndipo machira a wodwala amakhala pamwamba penipeni pa matayala akumbuyowo. Dalaivala kutsogolo amangomva kagwedezeka pang'ono, pamene wogona kumbuyo amanyamuka ndithu n'kugweranso pamachira. Munthu wothyoka fupa la m'ntchafu mumamumva kukuwa kwake hampu iliyonse, ngakhale mutaikwera pang'onopang'ono bwanji, ndipo amene tikumuganizira kuti wavulala msana kapena khosi ndiye timachita kuima kaye, kulowetsa giya yoyamba, kukweza matayala akutsogolo, kudikira, kenako akumbuyo.

Choncho anthu akamati ambulansi ili ndi sayirini, ingodutsa, amaiwala kuti sayirini imapatutsa magalimoto koma siiphwetsa hampu. Ndipo chimene chimandiopsa kwambiri si hampu imene ndikuidziwa. Ndi ija yomangidwa kumene, yopanda utoto ndi chikwangwani, imene mumakumana nayo usiku m'nyengo ya chiperoni, nkhungu itatsika mpaka nyali zikungoonetsa utsi woyera, inu mukuthamangitsa mayi wotaya magazi. Pamalo ena m'mbali mwa msewu womwewu anthu anadziunjikira okha dothi ndi miyala mwana atagundidwa, ndipo mkwiyo wawo ndimaumvetsa, koma usiku wina titagunda mulu wotere, namwino amene anali kumbuyo anamenyetsa mutu kudenga ndipo dripi inazuka m'dzanja la wodwala.

Mayi a Tadala

Bambo a Limbani, ndamva ndipo ndikulemekeza ntchito yanu, koma inu mumadutsa pamalopo mwa apo ndi apo pamene ife timakhala pomwepo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ndimagulitsa kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu, ndipo maso anga amaona mathiraki opita ku Muloza, mathirakitala a masamba a tiyi, maminibasi ndi njinga zamoto, zonse zikupikisana pa phula lomwelo limene mwana wa sitandade 1 akufuna kuwoloka atagwira dzanja la mkulu wake wa sitandade 3. Wodwala wanu akuvutika, inde, koma iye ali kale m'manja mwa achipatala. Mwana amene ali pamsewuyo alibe womugwirira. Ngati tiyenera kusankha pakati pa kuchedwetsa ambulansi pang'ono ndi kuipezera ntchito yatsopano tsiku ndi tsiku, ine ndasankha kale.

Ambewe (anapuma pa ntchito za misewu)

Mayi a Tadala, musafulumire kusankha, chifukwa mwina simukufunika kusankha n'komwe. Zimene Bambo a Limbani akudandaula ndi zimene inu mukupempha zili ndi dzina limodzi koma si chinthu chimodzi.

Hampu imene akatswiri a ku Britain anaiyesa m'zaka za m'ma 1970, imene mayiko ambiri anatengerako, imakhala yotalika mamita 3.7 kutsata kumene galimoto ikulowera, ndipo msinkhu wake sudutsa masentimita 10. Imakwera mozungulira bwino, moti galimoto yoyenda makilomita 20 kapena 30 pa ola imaidutsa mosavutitsa okwera, koma yothamanga kuposa pamenepo imadumpha. Palinso ina yokhala ndi pamwamba pathyathyathya, yotalika mamita 6 kapena kuposerapo, imene matayala akutsogolo ndi akumbuyo a galimoto yaing'ono amakwanapo onse nthawi imodzi. Imeneyi ndiyo imakomera mabasi ndi maambulansi, ndipo ubwino wake wina ndi wakuti pamwamba pakepo pamajambulidwa mizere yowolokera anthu, choncho mwana powoloka amakhala pamalo okwera, dalaivala n'kumuona msanga.

Zimene timaziona m'malo ambiri ndi zina. Ndi kamtumbira kafupi, kosakwana mita imodzi, kotalika msinkhu ndiponso kosongoka, kamene kanayenera kukhala pa geti ya fakitale kapena poimika magalimoto, osati pamsewu wopita kumalire a dziko. Kotereka kamakakamiza aliyense kuima, ndipo dalaivala akakadutsa amaponda mafuta mwaukali kuti abweze nthawi, moti mamita 100 kutsogolo liwiro labwerera pakale.

Za nthawi imene imatayika, ku America anayeza ndipo anapeza kuti galimoto yozimitsa moto imataya masekondi 3 mpaka 5 pa hampu imodzi, pamene ambulansi yonyamula wodwala imatha kutaya mpaka masekondi 10. Tiyerekeze kuti kuchoka pa Thyolo boma kukafika ku Kwinzi mutakhala mahampu 20 omangidwa bwino, ndiye kuti masekondi 200, kapena kuti mphindi zitatu ndi masekondi 20. Anayi a Angozo akuonjezera masekondi 40. Koma chiwerengero chimenechi ndi cha mahampu oyezedwa ndi tepi. Pa timitumbira tosongoka tija Bambo a Limbani amachita kuima, ndipo iwo ndi amene angatiuze kuti zimawadyera nthawi yochuluka bwanji.

Anaphiri (mzamba)

Ambewe, masamu anuwo ndi oona, ndipo ndikufuna kuwaika pambali pa masamu athu a kuchipinda chochirira. Mayi amene wayamba kutaya magazi kwambiri atangochira akhoza kumwalira m'maola awiri okha ngati sanathandizidwe. Pa maphunziro athu timauzidwa za kuchedwa kwa mitundu itatu kumene kumapha amayi: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Mahampu ali m'gulu lachiwiri, koma m'gulu lomwelo muli zinthu zazikulu kuwaposa kutalitali. Muli foni yosagwira netiweki kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, muli ambulansi imodzi yoitanidwa malo atatu nthawi imodzi, muli kusowa kwa mafuta, muli mlatho wokokoloka monga tinaonera nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 pamene madera ena a ku Mulanje ndi ku Phalombe sankafikika n'komwe ndi galimoto. Zimenezi zimadya maola, pamene mahampu amadya mphindi. N'chifukwa chake timalimbikitsa amayi akutali kuti masiku akayandikira azikakhala kuchidikiro.

Komabe sindikufuna kuti wina atenge mawu angawa n'kunena kuti mahampu alibe kanthu. Vuto lake kwa ine ndi manja. Mayi akamataya magazi panjira ndimakhala nditagwada pambali pa machira, dzanja lina likutikita chiberekero kuti chilimbe, lina likuteteza dripi, maso ali pa mpweya wake. Ngati ndi khanda lobadwa losalira, ndimakhala ndikulipopera mpweya ndi kachipangizo kamene kamafunika kugwira bwino pamphuno ndi pakamwa. Galimoto ikadumpha, zonsezi zimasokonekera ndipo ndimayambiranso. Choncho hampu yosalala ija imene Ambewe aifotokoza, ngakhale itamatichedwetsa mofanana ndi yosongoka, ine ndingaisankhe chifukwa ntchito yanga siimaima.

Amwale (Limbe)

Ndikulemba ngati mwana wa ku Thyolo amene amadutsa msewu umenewu popita kukaona makolo. M'mayiko a ku Ulaya muli mtundu wina umene mainjiniya amautcha speed cushion, umene sutseka msewu wonse koma umakhala ngati chigamba pakati pa mbali iliyonse, n'kusiya mipata kumanzere ndi kumanja. Galimoto yaing'ono imakakamizika kukweza matayala, pamene basi kapena galimoto yozimitsa moto, poti matayala ake ndi otalikirana, imadutsa chigambacho chili pansi pa mimba yake. Komanso mzinda wa Portland ku America, utaona kuti ozimitsa moto ndi omanga mahampu akukangana kosatha, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 unasankha misewu ina n'kunena kuti iyi ndi njira zazikulu za magalimoto a zadzidzidzi, ndipo mmenemo mahampu wamba asamangidwe. Kodi Angozo sangapemphe zoterezi m'kalata yawo?

Ambewe (anapuma pa ntchito za misewu)

Amwale, maganizo onse awiriwo ndi abwino kwawoko, koma tiyeni tiwayeze ndi tepi ya kuno. Zigamba zimenezo m'lifupi mwake zimakhala mamita 1.6 mpaka 1.9, ndipo zinapangidwa poganizira mabasi ndi magalimoto akuluakulu ozimitsa moto. Land Cruiser imene Bambo a Limbani amayendetsa ndi yaitali msinkhu koma ndi yopapatiza, mpata wa pakati pa tayala lakumanzere ndi lakumanja ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, chimodzimodzi galimoto yaing'ono wamba. Ndiye kuti ambulansi yathu idzakwera chigambacho ngati wina aliyense, pamene thiraki yolemera, imene Mayi a Tadala akuiopa kwambiri, idzadutsa osachepetsa liwiro. Njinga zamoto nazo zidzangolowa m'mipatamo. Tingakhale titagula chinthu chodula chimene chikumasula amene timafuna kuwagwira n'kugwira amene timafuna kuwamasula.

Za kupatula misewu, zimatheka mumzinda umene misewu yake ndi yambiri yoyendera limodzi, moti wina ukadzaza mahampu ambulansi imadzera winawo. Anzathu a ku Mulanje ali ndi mwayi pang'ono chifukwa akhoza kudzera msewu wa Midima kukatulukira ku Limbe. Koma wodwala wochoka pa Thyolo boma njira yake ya phula ndi M2 basi, kudutsa pa Bvumbwe ndi pa Chigumula. Msewu womwewo ndi njira ya ambulansi, ndi njira ya katundu wopita ku Mozambique, ndi msika, ndiponso ndi bwalo la sukulu. Sitingaupatule kuti ukhale wa mmodzi.

Abanda (Luchenza)

Ine ndimakhalira kabaza wa njinga yamoto, ndipo ndikufuna kuonjezera chimene sichinatchulidwe. Hampu ikathera pomwe phula lathera, madalaivala amaizemba podzera kumbali, tayala lina paphula lina pafumbi, ndipo kumbali kumeneko n'kumene kumayenda anthu apansi ndi a njinga zakapalasa. Nafenso akabaza timachita zomwezo, sindibisa. Mukapita pamalo alionse pamene pali hampu yakale mudzaona kanjira kokumbika kumapeto kwake, ndipo nthawi ya mvula kamasanduka chithaphwi. Ndiye mukamapempha hampu, pemphaninso timizati ta simenti kumapeto kwake konse kuwiri, apo ayi mwangochotsa ngozi pakati pa msewu n'kuipititsa pomwe ana aimirira kudikira kuwoloka.

Anangondo (mphunzitsi wopuma, Makwasa)

Ndawerenga zonse modekha, ndipo ndikuona kuti mbali ya ana yayamba kuchepa mphamvu chifukwa oyankhula za ambulansi ali ndi manambala pamene Mayi a Tadala ali ndi maso awo okha. Ndiloleni ndiwabwereke manambala.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 50 imayenda mamita 14, ndipo pa makilomita 30 imayenda mamita 8 okha. Dalaivala wabwino amatenga sekondi imodzi kapena kuposerapo kuchokera pamene waona mwana kufika pamene phazi lake lagunda buleki, ndipo mamita onsewo amawayenda liwiro lisanatsike ngakhale pang'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti liwiro likakwera ndi 1 peresenti, ngozi zakupha zimakwera ndi 4 peresenti, komanso kuti munthu wapansi wogundidwa pa makilomita 65 pa ola ali pa chiopsezo cha imfa choposa kanayi kuyerekeza ndi wogundidwa pa makilomita 50. N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Stockholm mu Febuluwale 2020 anagwirizana kuti pamalo pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu apansi, liwiro lisamapose makilomita 30 pa ola.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za azungu, koma chitsanzo chili pafupi. Ku Ghana, pa mphambano ya Suhum pamsewu wa Accra kupita ku Kumasi, anaika timizere totukuka totsatizana tija timene timanjenjemeretsa galimoto, ndipo pakati pa Januwale 2000 ndi Epulo 2001 ngozi zinatsika ndi 35 peresenti, imfa ndi 55 peresenti. Umenewo ndi msewu waukulu wodutsa pakati pa malonda ngati wathu womwewu. Chikwangwani chimadalira chikumbumtima cha dalaivala, apolisi apamsewu amaweruka madzulo n'kupita kwawo, koma chinthu chomangidwa paphula chimagwira ntchito usana ndi usiku. Ana anga Bambo a Limbani ndi Anaphiri, masekondi 40 anuwo ndawamva, koma ndikupemphani kuti muwapereke.

Bambo a Limbani

Amayi Anangondo, ndawapereka ndi mtima wonse ngati hampu yake ili yosalala ija, yopakidwa utoto, yokhala ndi chikwangwani patali. Koma timizere tonjenjemeretsa ta ku Ghana mutiike mosamala, chifukwa tikakhala totukuka kwambiri ndi tambirimbiri, kwa wothyoka fupa timapweteka kuposa hampu imodzi yabwino, ndipo madalaivala ena anazindikira kale kuti ukatidutsa mothamanga sitimveka kwenikweni. Ntchito yake ikhale yodzutsa dalaivala kuti kutsogolo kuli kanthu, osati yolowa m'malo mwa hampu.

Ndinene tsopano chimene chimandichedwetsa koposa pa malo a malonda, ngakhale ndikudziwa kuti ena sakondwa nacho. Si hampu yeniyeniyo koma zimene zimamera pa hampupo. Magalimoto akayamba kuchepetsa liwiro pamalo, pasanathe mwezi pamakhala siteji. Minibasi imaima pamwamba penipeni pa hampu kutsitsa munthu, oitanira akukokerana chikwama, akabaza afola mbali zonse, ogulitsa nthochi ndi nanazi azungulira mawindo, ndipo kumbali kumene galimoto ikanapatukira kuti ndidutse kwayalidwa malonda. Ndimachita kuliza sayirini, wakutsogolo akufunitsitsa kundipatukira, koma alibe kolowera. Pa tsiku la msika ndimatha kutaya pamalo amodzi nthawi yoposa imene mahampu onse a njira yonse amandidyera. Lamulo la pamsewu limati galimoto ya zadzidzidzi ipatsidwe njira, koma lamulolo limafuna kuti njirayo ikhalepo.

Mayi a Tadala

Ndinadziwa kuti mapeto ake chala chiloza ife. N'zoona kuti timayala malonda pafupi ndi phula, koma funsani chifukwa chake. Wogula wa m'galimoto satsika kukalowa mumsika, amangotsitsa windo, ndipo amene ali pafupi ndiye amagulitsa. Ine ndikasuntha ndekha n'kubwerera m'mbuyo mamita asanu, mawa lake pamalo panga payala wina ndipo ana anga agona ndi njala. Tikasuntha tisunthe tonse, ndipo pakhale malo oti galimoto ipatuke n'kuima bwinobwino kunja kwa msewu kuti wogulayo atipeze. Chiphaso cha msika timadula tsiku lililonse, choncho kupempha malo oterowo si kupempha chifundo. Mukalemba m'kalatamo kuti mavenda achotsedwe basi, ine sindisayina, ndipo amayi anzanga ndiwauza kuti asasayine.

Amwale (Limbe)

Mayi a Tadala, sindikuganiza kuti alipo wanena zochotsa anthu, ndipo mfundo yanu ya malo opatukira ndi yomwenso ingathandize ambulansi. Ambewe, ndavomera za zigamba zija. Ndikufuna ndikumbutse za moto, chifukwa takamba za odwala okhaokha. Ozimitsa moto okhala ndi zida zokwanira ali m'makhonsolo a mizinda, ndipo kwa ife oyandikira ndi a ku Blantyre. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho galimoto yosenza malita 4,000 yanyamula matani 4 a madzi amene amakhuthukira kutsogolo ikamanga buleki n'kubwerera m'mbuyo ikanyamuka. Yoteroyo imatenga nthawi kuti ibwezeretse liwiro, makamaka pa mitunda ya kuno, ndipo hampu yosongoka imatha kuithyolera masipuling'i. Komabe kunena zoona, pa mtunda wa kuchokera ku Limbe, moto wa mumsika wa matabwa ndi mapepala apulasitiki umakhala utamaliza kale ntchito yake, kaya mahampu alipo kaya palibe. Chimene chingapulumutse katundu ndi tinjira ta mkati mwa msika tokwana galimoto, ndi malo odziwika otungapo madzi. Nthawi zambiri tinjirato timatsekedwa ndi mabenchi oonjezera, moti ngakhale thirakitala yokoka thanki ya madzi yochokera ku esiteti yapafupi imaima panja.

Angozo (Bvumbwe)

Ndathokoza nonse. Mmene ndamvera, kalata yathu ikanapita mmene tinaiganizira poyamba, tikanalandira timitumbira tinayi tosongoka ndipo tikanaombera m'manja. Ambewe, ndikupempheni kuti mutiuze mwachindunji zoti tilembe, poganizira kuti pamalopo msewu ukutsetsereka pang'ono kuchokera mbali ya ku Thyolo ndipo pali kakona chapafupi. Kodi anayi aja tiwasiye momwemo kapena tichepetse?

Ambewe (anapuma pa ntchito za misewu)

Angozo, chiwerengero musachilembe ngati lamulo, chifukwa woyenera kuchitchula ndi injiniya atabwera kudzayeza, koma mukhoza kunena chimene mukufuna kuti chichitike, ndicho chakuti galimoto izifika powolokera ana ikuyenda makilomita 30 pa ola kapena kucheperapo. Kwa ine, powolokera pamodzi pokwera, pathyathyathya, pokhala ndi mizere yoyera, n'pokwanira kukhala mtima wa ntchito yonse. Mbali zonse ziwiri, patali ndithu, pakhale chikwangwani chonyezimira usiku ndi timizere tochepa todzutsa dalaivala, kenako hampu imodzi yosalala isanafike powolokerapo ngati injiniya waona kuti liwiro lobwera nalo ndi lalikulu.

Kutsetsereka ndi kona zimene mwatchulazo musazibise m'kalatamo. Hampu siiyenera kukhala pa kona kapena pamalo pamene dalaivala sangaione ali patali, ndipo pamtsetse waukulu ndi yoopsa, chifukwa thiraki yolemera ikamanga buleki mwadzidzidzi pa phula lonyowa imatha kuterereka kapena kugundidwa kumbuyo. Mwina adzakuuzani kuti powolokerapo pasunthe mamita angapo kuchoka pa geti ya sukulu, ndipo zikatero pamafunika kampanda kotsogolera ana, apo ayi iwo adzawolokabe pomwe anazolowera.

Musaiwale madzi. Kuno mvula ndi yambiri, ndipo hampu yotseka njira ya madzi imasunga chithaphwi chimene chimafukula phula, moti pakatha zaka ziwiri mumakhala ndi hampu ndi dzenje pambali pake. Ngalande ikonzedwe nthawi yomweyo, timizati ta Abanda tiikidwe, ndipo mufunse kuti utoto ukafufutika adzapakenso ndani, chifukwa ndalama za Roads Fund Administration zimene timapereka pogula mafuta ndi za kusamalira misewu, ndipo utoto ndi mbali ya chisamaliro chimenecho.

Anaphiri (mzamba)

Ndikuonjezera chimodzi. Kalatayo ipite ndi kope ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino ndi kwa apolisi apamsewu, ndipo mupemphe kuti tsiku lodzayeza malowo adzaitanidwe woyendetsa ambulansi mmodzi. Iye adzanena zimene tepi siinena, monga pamene amayambira kuona msewu akatuluka pa kona usiku. Komanso chilichonse chatsopano chikamangidwa pamsewu umenewu, zipatala zonse zotumiza odwala ku Blantyre zidziwitsidwe chisanayambe kugwira ntchito, kuphatikizapo za mishoni monga Malamulo, chifukwa dalaivala wa usiku sayenera kuidziwira hampu poigunda.

Abanda (Luchenza)

Zonsezi ndi zabwino, koma pempho lotere limatha kutenga nthawi yaitali lisanayankhidwe, pamene ana akuwoloka mawa m'mawa. Ife pa siteji yathu tinagwirizana kuti nthawi yolowa ndi yoweruka sukulu awiri mwa ife azivala zonyezimira zija n'kumaimitsa magalimoto kuti ana awoloke pagulu, ndipo madalaivala ambiri amamvera akaona munthu wamkulu waima ndi mbendera yofiira. Ambulansi ikamveka patali timangowabweza anawo kumbali, imadutsa osaponda buleki. Makolo a kwanuko akhoza kuyamba zimenezi podikira yankho, bola apolisi adziwitsidwe kuti pasakhale kusamvana.

Mayi a Tadala

Za mbendera ndavomera, ndipo ine ndikhoza kuima m'mawa Lachiwiri ndi Lachinayi ndisanayale malonda. Koma Angozo, anthu a pa msonkhano paja anagwirizana za mahampu anayi, ndipo mukabwerera kwa iwo ndi powolokera pamodzi adzati mwagulidwa ndi eni magalimoto. Muitanitse msonkhano wina, Ambewe ndi Bambo a Limbani abwere adzafotokoze okha pamaso pa amfumu ndi makolo, makamaka pamaso pa banja lija limene mwana wawo akuyendabe ndi ndodo. Ine ndidzabwera ndi amayi a pamsika, ndipo nkhani ya malo opatukira magalimoto ilowe m'kalata yomweyo, isadikire kalata ina.

Angozo (Bvumbwe)

Ndikakumana ndi amfumu madzulo ano kuti atipatse tsiku. Bambo a Limbani, munditumizire kumbali masiku amene simuli pa ntchito mwezi uno, ndipo Ambewe, ngati tepi yanu ikadalipo mudzabwere nayo kuti tidzayeze m'lifupi mwa msewu ndi mtunda wochokera pa kona kufika pa geti, manambalawo tidzawalembe m'kalatamo.